Musanapereke ndalama pa sand rail ya ku Ngabu ija

Achimwene, mwati mwapeza sand rail, kagalimoto kaja ka mapaipi okhaokha kopanda bodi, kali m'shedi pa famu ina cha ku Ngabu. Injini ndi ya VW Beetle, mwini wake akuti kanachokera ku Joni, ndipo funso lanu ndi lakuti kodi mungakakonze n'kumayenda nako pamsewu kuchoka ku Nchalo mpaka ku Blantyre. Ine ndimawotcherera zitsulo ndi kukonza magalimoto konkuno ku Nchalo, ndiye ndikuuzani zimene ndikanayang'ana ndalamazo zikanakhala zanga.

Kutheka n'kotheka. Koma kagalimoto kameneka anakapangira mchenga. Anayamba nako ndi a ku America, oseweretsa pa milu yamchenga ngati ya ku Glamis ku California. Kumeneko mabuleki akutsogolo alibe ntchito, magetsi ndi madigadi n'chimodzimodzi, chifukwa ukangochotsa phazi pa mafuta mchenga womwewo umakuimitsa. Ife tili ndi mtsetse wotsikira pa Thabwa, ng'ombe zodutsa pamsewu osayang'ana, a kabaza, mathirakitala a nzimbe, ndi dzuwa la Okutobala lopyola madigiri 40.

Musanagwire sipanala iliyonse, funsani mapepala. Pa Beetle nambala ya chasisi imakhala pa msana wa pansi pa galimoto, kunsi kwa mpando wakumbuyo. Opanga sand rail chigawo chimenecho amachitaya, amangotengako chitsulo chakumbuyo chogwira miyendo ndi giyabokosi. Ndiye zambiri mwa izi zilibiretu nambala ya chasisi. Ya injini yokha mudzaipeza, yadindidwa pa bokosi la injini, kunsi kwa chogwirizira jenereta. Ngati mwini wakeyo alibe blue book kapena mapepala a MRA osonyeza kuti katunduyu analowa m'dziko muno mwalamulo, jambulani zithunzi, lembani nambala ya injiniyo, mupite ku Road Traffic mukafunse nokha ngati angakalembe m'kaundula, ndipo akufuna chiyani. Yankho lawo mulimve ndalama zikadali m'thumba. Popanda kukalembetsa m'kaundula palibe COF, palibe inshuwalansi, ndipo pa rodibuloko ya pa Thabwa simudutsa. Kadzangokhala koyendera m'munda wa thonje.

Tsopano felemu, pamene ndikufuna mudekhe kwambiri. Penti asakunamizeni, chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Paipi imadyeka kuchokera m'kati, ndipo kuno kuchigwa chilichonse chimene chinali pansi mu Januwale 2022 pa nthawi ya namondwe Ana, kapena mu Malichi 2023 pa namondwe Freddy, muzichikayikira kuti chinamwa madzi. Madzi a Shire sabwera okha, amabwera ndi matope, ndipo matopewo akalowa m'paipi amasunga chinyontho chaka chonse. Chaka chatha munthu wina anandibweretsera ngolo ya mapaipi yooneka bwinobwino kuti ndiwotcherere pamene panang'aluka. Nditaboola kunsi, munatuluka madzi ofiira ngati tiyi wopanda mkaka, kenako dothi. Khoma la paipiyo linali litatsala ngati chitini cha sadini.

Ndiye tengani kanyundo kakang'ono, mugone chagada pansi pake, mugogode mapaipi onse akunsi kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Paipi yabwino imalira ngo ngo, yodyeka imangoti phu phu. Mwini wake akalola, boolani kabowo kakang'ono pamalo otsikitsitsa muone chotuluka, bowo lomwelo likuonetsaninso kukhuthala kwa khoma. Mafelemu ambiri amapangidwa ndi paipi ya mamilimita 38, khoma lake pafupifupi mamilimita 2.4. Mukapeza kuti wina anaikapo paipi ya madzi ya galavanaizi, nyamukani muzipita.

Powotcherera ponse pukutani ndi bulashi ya waya, makamaka pamene pamangidwa chitsulo cha miyendo yakutsogolo, pa mashoko, ndi pamene felemu yakumana ndi chitsulo cha Beetle chija kumbuyo. Kamzere ka dzimbiri kotsatira m'mbali mwa chowotchereracho ndi mng'alu umenewo. Kenako imikani galimoto pa simenti yosalala, mupime ndi tepi mopingasa, kuchokera kutsogolo kumanja kufika kumbuyo kumanzere, n'kubwerezanso mbali inayo. Miyeso ikasiyana kupitirira theka la sentimita, ine ndimati kanagubudukapo kapena kanagunda, ndipo kadzayenda chammbali ngati nkhanu, matayala n'kumatha mbali imodzi.

Mukadali pansipo yang'anani miyendo yakumbuyo. Ilipo mitundu iwiri. Ngati shafuti ili m'kati mwa paipi ndipo ikupindikira pa giyabokosi pokha, imeneyo ndi swing axle. Ngati mbali iliyonse ili ndi ma CV joint awiri, mfundo zopindikira shafuti, ovala malabala, ndi IRS. Pamsewu wa phula IRS ndiye yabwino. Swing axle, makamaka akaikweza m'mwamba monga amachitira a pamchenga, ukalowa pakona mothamanga tayala limapindikira kunsi kwa galimoto, ndipo kumbuyo kumene kuli kulemera konse kumafuna kutsogola. Pa makona a phiri la pa Thabwa lija si zoseweretsa. Ikakhala swing axle itsitseni, muike malamba oletsa mwendo kulendewera kwambiri.

Mabuleki ndiwo adzakudyereni ndalama, ndipo apa musanyengerere. Zambiri mwa izi zili ndi mabuleki akumbuyo okha, kuphatikizapo ndodo imodzi kapena ziwiri pambali pa dalaivala zomangira tayala limodzi kuti kagalimoto katembenuke pamalo amodzi. Ndodo zimenezo zichotseni. Mwana kapena mnzanu akaikoka muli pa 80, mudzapezeka m'munda wa nzimbe. Ikani mabuleki pa matayala onse anayi, master cylinder, pampu ya mafuta a mabuleki, ikhale ya njira ziwiri kuti paipi imodzi ikaphulika inayo igwirebe, mapaipi onse a mabuleki akhale atsopano, ndipo handibuleki ikhale ya kebulo. Pogula zakutsogolo muyenera kudziwa ngati miyendo yake ndi ya link pin, ya ma Beetle ofika 1965, kapena ya ball joint imene inabwera pambuyo pake, chifukwa zipangizo zake sizilowana. Werenganinso mabawuti a mawilo, alipo a 5 otalikirana kwambiri ndi a 4.

Vuto lina ndi lakuti kutsogolo n'kopepuka moti anthu awiri akhoza kukunyamula. Mukaponda mabuleki, matayala akutsogolo amafulumira kukhukhuluzika. Batire ndi tayala la sipeya zisamutsireni kutsogoloko kuti mphuno ilemereko. Matayala a pamchenga, aja a zipsepse ngati nkhafi kumbuyo ndi osalala kutsogolo, achoke onse.

Injini ndimaikonda, sindibisa. Ilibe radiyeta, imazizira ndi mphepo ya fani ndi oyilo basi. Komatu ngati ndi ya ku South Africa, fakitale ya ku Uitenhage inasiya kupanga Beetle mu 1979, ndiye ndi nkhalamba yoposa zaka 40. Gwirani pule ya kulankishafuti ndi manja awiri, mukankhe ndi kukoka. Siyenera kusuntha moti n'kuoneka ndi maso, ikamati gu gu bokosi la injini latha. Onani ngati malata onse ozungulira masilinda alipo. Anyamata amawachotsa kuti injini izioneka bwino, osadziwa kuti ndi amene amalondolera mphepo ku mitu. Popanda malatawo, kukwera phiri lija masana a Novembala mu giya 2, silinda nambala 3 ipsa musanafike pamwamba, poti ndi imene imatentha kuposa zinzake pa injini zakale. Oyilo amalowa malita 2.5 okha ndipo fyuluta yeniyeni mulibe, muli kasefa ka waya, ndiye ndi fumbi lathuli ine sindingadikire makilomita 5,000. Mavavu muzitchera pa mamilimita 0.15 injini ili yozizira. Kapaipi ka mkuwa kolowetsa petulo mu kabuleta kagwedezeni ndi chala. Kamazuka, petulo n'kuthira pa injini yotentha, ndipo ma Beetle ambiri anapsa motero.

Zotsalazo ndi zimene woyeza COF adzayang'ane: magetsi akutsogolo, a mabuleki, maindiketa, hutala, magalasi oonera kumbuyo, malamba a pampando omangidwa ku felemu, sipidomita. Madigadi ndi kadenga ikani ngakhale asakufunseni, mudzandithokoza mukadzaponda ndowe pa Ngabu. Mawaya akale musalumikize, yalani atsopano ndi mafyuzi ake.

Pa mtengo, werengani ngati mukugula felemu ndi giyabokosi basi, injini ikhale basera kufikira mutaimva ikulira yotentha kwa theka la ola. Zipangizo za Beetle ku Limbe ndi ku Ndirande n'zamwayi masiku ano, zambiri mudzaitanitsa ku Johannesburg, ndiye muikepo za thiransipoti ndi msonkho.

Loweruka mukamapita tengani kanyundo, tepi, tochi, bulashi ya waya ndi jeke. Mundijambulire nambala ya injini, miyendo yakumbuyo, ndi kuseri kwa wilo lakutsogolo, munditumizire ndione ngati kuli dilamu ya mabuleki kapena ndi habu yokhayokha.