Achemwali, si mazira amene munadya

Achemwali ena a ku Turffontein andilembera. Mwana wawo wabadwa ndi chotupa pamsana, adokotala akuti ndi spina bifida, ndipo apongozi kumudzi akuti iwo ndiwo anadya zoletsedwa ali ndi pakati. Akufunsa ngati n'zoona.

Kalatayi yandipweteka. Mng'ono wa mkazi wanga ananenedwa zomwezi. Ena ankati mazira, ena ufiti, azakhali ena mpaka kumuitanira kubwalo kuti aulule. Ndalama zimene tinkatumiza kuchokera kuno ku Joni zinathera kwa asing'anga, mwana akusowa thiransipoti yopitira kuchipatala. Mpaka lero ndikamva funso loti "anadya chiyani" ndimapsa mtima.

Tamvani, achemwali. Pa sabata yachitatu mimba itaima, maselo a mluza amatumizirana mauthenga kudzera m'mapuloteni. Puloteni ina, BMP, imauza maselo akunja kuti akhale khungu. Pamzere wa msana, mapuloteni ena, noggin ndi chordin, amaitsekereza, ndiye maselo a pamenepo amakhala chiyambi cha ubongo ndi mtsempha wa msana. Mzerewo umapindika n'kutsekeka ngati zipi pofika tsiku la 28. Kumunsi kwake kumachokera puloteni ina yotchedwa Sonic hedgehog, ndipo kuchuluka kwake n'kumene kumauza selo ntchito yake: ena amakhala oyendetsa minofu, a kumtunda n'kukhala olandira zimene khungu likumva. Kumapeto kwa mzerewo, cha kuchiuno, kukapanda kutsekeka, ndiye spina bifida. Tsiku la 28! Amayi ambiri amakhala asanadziwe n'komwe kuti aima. Ndiye wina azikuzengani mlandu wa mazira a mwezi wachisanu? Imeneyo ndi nkhanza, si mwambo.

Ndipo amene anaonetsa kuti maselo amalamulana anali mayi, Hilde Mangold, pamodzi ndi Hans Spemann mu 1924. Anasuntha kachidutswa ka mluza wa kanyama ka m'madzi kupita pa mluza wina, pomwepo panamera msana wachiwiri. Mayiyo anamwalira ndi moto chaka chomwecho, Spemann n'kudzalandira Nobel mu 1935.

Nanga muchite chiyani?

Imwani vitamini wa folic acid, amene amachepetsa chiopsezo cha vutoli, koma muyambe mimba isanaime, osadikira sikelo. South Africa inayamba kuikamo mu ufa wa m'sitolo mu 2003, koma mgaiwa wa kuchigayo umene timaitanitsa pabasi ulibe zowonjezerazo. Popeza zachitikapo kale, uzani adokotala musanatengenso pakati kuti akupatseni mlingo waukulu, ndipo ngati mumamwa Epilim, mankhwala a khunyu amene amawonjezera chiopsezo cha vutoli, muwatchulire, osasiya nokha.