Apongozi anati akukaswali, mpaka lero sanabwerenso

Mdzukulu wanga wina wa ku Mpondasi wandilembera modandaula. Mwamuna wake ali ku Joni, ndipo chaka chatha anatumiza pulazima, sola ndi batire lake, moti madzulo pabalaza pawo pamadzaza anthu: alamu, ana a oyandikana nawo, ndi apongozi amene amakhala m'nyumba ya kuseri. Tsiku lina ankaonera filimu ya ku Nigeria, zomasuliridwa m'Chichewa zija, yokamba za bambo wa mitala. Mkazi wamng'ono atayamba kuzunza ana a mkazi mnzake, mdzukuluyu anapsa mtima n'kunena mokweza kuti, "Akazi olowerera mabanja a eni ndi choncho onse, alibe manyazi." Apongozi anangodzuka, kukutumula chitenje, n'kunena kuti akukaswali. Mdzukuluyu atafika pogona m'pamene anakumbukira kuti apongoziwo anali mkazi wachiwiri wa malemu. Papita milungu iwiri osapondanso pabalazapo, ndipo moni akuyankha wongokakamizika. Funso lake n'lakuti: "Agogo, si filimu chabe kodi? Anzanga pa WhatsApp akuti sindinalakwe, aliyense ali ndi ufulu wonena maganizo ake. Ndiye tizionera titatseka pakamwa?"

Ayi mwanawe, pakamwa usatseke. Ine amene ndikukuyankhane ndimalongolola pa kanema kuposa iwe, mpaka adzukulu amandiuza kuti agogo anthuwo sakukumvani. Filimu yoonera anthu ali duu ngati pamaliro siikoma. Ngakhale pa nthano, wokamba akati "padangokhala", ife tinkavomera "tili tonse", ndipo Kalulu akapusitsa Fisi tinkatsutsana mpaka moto kuzima. Kuyankhira nkhani n'kwathu, sitinakuphunzire kwa azungu.

Koma anzako a pa WhatsApp akuyankha funso limene apongozi ako sanafunse. Iwo sanakwiye chifukwa uli ndi maganizo.

Ndikubwezere m'mbuyo pang'ono. Ife tinakula opanda chinthu chimenechi. Kanema tinkamuona mwa apo ndi apo, galimoto ya boma ikabwera kudzaonetsa za ulimi pabwalo la sukulu. Nthawi yonse ya Kamuzu m'dziko muno munalibe wailesi ya kanema. TVM inadzayamba mu 1999, ine ndili kale ndi zidzukulu. Ambiri kuno ku Mangochi mafilimu tinawadziwira m'mashedi a vidiyo a m'misika, otchinga ndi mipasa aja, jenereta ikulira kuseri. M'menemo munthu unkakhala pa benchi ndi anthu osawadziwa, ndipo ukakuwa mawu ako analibe mwini. Lero kanema walowa m'nyumba, wakhala pakati pa mtengwa ndi apongozi ake, anthu amene kale ngakhale mbale imodzi sankadyera. Iwe ukulankhula ngati uli mu shedi, pamene uli pabwalo la abale.

Tsono mvetsa bwino za makutu a apongozi ako, pakuti nkhani yagona pamenepa. Amayi a msinkhu wathu tinaphunzira kudzudzulana pamtondo. Mkazi akakhala ndi chakukhosi ndi mkazi mnzake, kapena ndi mlamu waulesi, sankapita kukaima pakhomo pake. Ankatenga chimanga, kuitana mnzake wosinja naye, n'kuyamba nyimbo yonena za "mayi wina wa kutsidya", mokweza ndithu kuti mphepo ifikitse. Dzina silinkatchulidwa, koma mudzi wonse unkadziwa, ndipo mwini wake ankadziwa koposa. Kunena za munthu wachitatu, mokweza, mwini nkhani ali pomwepo, ndiko kunali kutukwana kwa akazi aulemu. Ndiye taganiza: mayi amene wakhala zaka makumi angapo akumva nyimbo zoterozo zikuimbidwira iye, lero mkazi wa mwana wake waloza chithunzi n'kunena kuti "onse". Ungawauze bwanji kuti umanena za mkazi wa ku Nigeria? Kwa iwo pulazimayo unali mtondo wako, filimuyo inali nyimbo.

Ndipo mawu akuti "onse" ndiwo anabaya. Ukanati, "Mayi uyu walakwa, ana alibe mlandu," ndikhulupirira apongozi ako akanavomera, mwinanso akanakhala oyamba kumutsonya. Mchitidwe wa munthu mmodzi udzudzule mmene ungafunire. Koma ukadumpha munthuyo n'kugwira mtundu wonse, akazi achiwiri onse, amuna a ku Joni onse, asodzi onse, ana opeza onse, dziwa kuti pa anthu khumi amene akhala pamkekapo, mmodzi wamuponda. Kuno kwathu mitala si nkhani ya m'filimu. Ili m'mabanja a anthu amene umatunga nawo madzi pa mjigo, ndipo ambiri mwa akaziwo sanalowerere banja la munthu: anafunsiridwa masana, ankhoswe alipo, ashehe alipo. Kaya iwe mitala umaiona bwanji, ndipo ine ndili nawo maganizo angaanga, mlandu wake sungauzenge usiku pamaso pa ana a eni.

Usaganize kuti ndikulankhula ngati munthu wosapunthwa. Zaka zingapo zapitazo ndinali kwa mnzanga wa ubwana cha ku Namwera, tikusenda nandolo pakhonde, adzukulu atatulutsa kanema panja chifukwa cha kutentha. Munali mnyamata wina amene anapita kutauni n'kuiwala amake. Ine pakamwa yekeyeke: "Ana a masiku ano akawoloka malire amatayika, olera amangovutika chabe." Ndinangoona manja a mnzanga aima. Khoko la nandolo lili m'zala, osalisenda, osalitaya, maso ali m'lichero. Mwana wake wamwamuna anali atatha zaka zisanu ndi chimodzi ku Johannesburg osaimba foni, ndipo ine ndinkadziwa. Sanandiyankhe. Anangoti udzudzu wachuluka, tilowe. Usiku umenewo tulo sindinatione.

Kuyambira pamenepo ndinazindikira kuti pabalaza palibe amene amaonera Nigeria kapena India. Maso ali uko, koma mtima uli pakhomo pake. N'chifukwa chake filimu ikayandikira kwathu imaluma kwambiri. Mdzukulu wanga wina anandionetsa pa laputopu filimu ya Shemu Joyah ya mu 2012, The Last Fishing Boat, ya msodzi wa kunyanja kuno amene nsomba zinamuthera, ali ndi akazi atatu. Tinaonera tili anthu asanu, ndipo itatha aliyense anali ndi amene akumuikira kumbuyo, malinga ndi chimene chinamuchitikira pa moyo wake. Amene ankamvera chisoni msodziyo anali mwana wa msodzi.

Pali china chimene ndimachiona mwa inu achinyamata. Anyamata omasulira mafilimuwa ali ndi luso, sindikana, ine ndimaseka mpaka misozi. Koma samangomasulira ayi, amathira tsabola wawo: kutchula anthu mayina achipongwe, kunyoza wonenepa, wosabereka, wachikulire. Mukamvera tsiku ndi tsiku, pakamwa pawo pamasamukira pakamwa panu osadziwa. Iwo akulankhula ali okha m'kachipinda ndi kompyuta, palibe apongozi pambali. Kale m'nthawi ya Kamuzu kunali bungwe la boma, lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1968, limene linkadula zithunzi zimene linkati n'zolaula anthu asanaone. Sindikulilira kuti libwerere mmene linalili, linkadulanso ndi zabwino zomwe. Ndikungoti lero palibe wokudulira, limoti ili m'manja mwako. Filimu imene sunaionepo usaiyambire pamaso pa apongozi. Ndipo zikafika zopsompsonana, usayembekeze kuti wamkulu ayambe kutsokomola.

Kumbukiranso kuti nyumbayo ndi yako. Mnzako pa WhatsApp ukamulasa amakubwezera pompo, mumaseka, zatha. Mlendo pabalaza pako sangakubwezere. Apongozi akanati akuyankhe, bwenzi mawa lake mudzi ukunena kuti akulimbana ndi mtengwa chifukwa cha katundu wa mwana wawo. Chida chimene anatsala nacho ndi miyendo yawo, ndipo anachigwiritsa ntchito mwaulemu, mpaka kukubisira chifukwa ponena za swala. Amenewo ndi mayi odziwa mwambo, usawataye.

Tsopano chochita. Usatume mwana, usawaimbire foni, ndipo mwamuna wako ku Joni usamuuze kaye, angakulitse nkhani ndi mkwiyo wa patali. Pita wekha m'mawa, atatha kusesa, anthu asanayambe kudutsadutsa. Nyamula kanthu m'manja, kaya shuga ndi masamba a tiyi, kaya kambale ka usipa. Khala pansi, osati pampando. Mawu akuti "inali filimu chabe" uwasiye kunyumba, chifukwa tanthauzo lake kwa iwo n'lakuti ndinu opusa, mwakwiya ndi chithunzi. Za mitala usazitchule n'komwe. Ungoti, "Amayi, tsiku lija pakamwa panga panathamanga, ndinalankhula mopanda nzeru pamaso panu ndi pa ana. Ndikhululukireni." Akati palibe kanthu, usatsutse, komanso usakhulupirire msanga, khalabe pang'ono, uwathandize chimene akugwira. Ukaona kuti nkhope yakana kumasuka, pempha mlamu wako wamkulu kapena mayi wina amene amamvana nawo akuperekeze ulendo wachiwiri.

Tsiku limene adzabwere, ndipo ndikuganiza kuti adzabwera, mayi uja wa m'filimu akadzayambanso zake, iwe udzatembenuke n'kufunsa kuti, "Amayi, inu mukuona bwanji pamenepa?" Za nyumba ya akazi awiri iwo akudziwa zimene wolemba filimuyo sanazilote, za kugawana masiku, za mwana wa mnzako akadwala usiku bambo ali kwa iwe. Mwina adzangoti kaya. Mwina adzayamba kukamba mpaka batire kutha.

Filimu ija munailekeza pakati, ndipo ndikudziwa kuti ana akukuvutitsa kuti aone mathero ake. Auze kuti memori kadi yasowa. Uisunge m'chikwama mpaka apongozi adzakhalenso pamalo pawo paja, pafupi ndi chitseko.