Akati "undidikire", ndiye mpaka liti?

Imelo iyi inandipeza Lachiwiri usiku magetsi atazima, ndipo ndinaiwerenga kawiri moto wa foni uli pafupi kutha. Walemba ndi mtsikana wa chaka chachitatu ku Chanco, amachita lendi ku Chikanda. Akuti bwenzi lake linamutumizira nyimbo pa WhatsApp usiku woti mawa lake likukwera basi ya ku Joni. Ndi nyimbo ija yavuta m'maminibasi chaka chino, yomwe mnyamata akuuza wokondedwa wake kuti amudikire, akupita kukasaka, akadzabwera adzamanga ya malata. Funso lake ndi lalifupi: "Anti, ponditumizira nyimboyi, kodi ndiye kuti wandilonjeza ukwati?"

Mng'ono wanga, undilole ndikutche choncho, wandiponda pachilonda. Ndikuyankha, koma uyambe wamva zanga.

Mu 2003 ndinali Fomu 4. WhatsApp kunalibe, kunali tepi. Mnyamata wina wa ku Chinamwali, wamtali, wokonda kupinda manja a shati, anandijambulira tepi ya C-60, mphindi 30 mbali iliyonse. Nyimbozo ankazitapa pa Radio 2, moti mwina nyimbo isanathe mawu a muulutsi ankalowerera akupereka moni kwa anthu a ku Nkhotakota. Poopa kutha mabatire a wailesi ya bambo, tepiyo ndinkaibweza ndi bolopeni ya Bic, kuizunguza m'mwamba mpaka dzanja kuwawa. Mawu a nyimbo ndinkawalemba kumapeto kwa kope la Biology, mzere uliwonse kuimitsa, kulemba, kubweza, kumveranso. Ku mbali B kunali nyimbo imodzi yofanana ndendende ndi yakoyi. Woimba wina, zing'wenyeng'wenye zina, koma uthenga womwewo: ndikupita, undidikire.

Loweruka lina nthawi yozizira tinakwera phiri la Zomba wapansi, kudzera kanjira kaja amati Potato Path, mpaka kukafika ku damu la Mulunguzi. Anandigulira sitiroberi kwa anyamata aja amaima m'mbali mwa msewu, theka lake zosapsa, zowawasa, koma ndinadya zonse. Tili chikhalire pamwala, nkhungu ikutsika m'mitengo ya paini, anayamba kuimba kolasi ya nyimbo ija chapansipansi, osandiyang'ana kumaso. Ine mumtima ndinati basi, chinkhoswe ndi chimenechi. Potsika phiri ndinali nditasankha kale mtundu wa chitenje cha anamkungwi.

Chaka chotsatira anapitadi, kudzera pa Mwanza ndi Tete. Makalata anabwera awiri. Foni inabwera kamodzi, pa byuro ina m'tauni, ndipo theka la nthawiyo tinathera kufunsana kuti "ukundimva?" Kenako zii. Ndinadikira zaka zitatu. Wina wake wabwinobwino, mphunzitsi wa ku Domasi, anandifunsira ndipo ndinamukana mwamwano womwe mpaka lero ndimachita nawo manyazi. Mu 2007 ndinakumana ndi mlongo wake wa mnyamata uja mumsika waukulu, pa mabenchi a matemba, ndipo anandiuza akusankha nsomba, ngati nkhani ya mvula, kuti achimwene ali ndi mwana kumeneko.

Chomwe chinandipweteka kwambiri si mwanayo ayi. Nditafika kunyumba ndinafukula kope lija kuti ndipeze pamene anandinamiza, ndipo sindinapapeze. M'nyimbo monse munalibe mawu oti ukwati. Munalibe chaka, munalibe mwezi. Zonsezo ndinaikamo ndekha, ndi dzanja langa lomwe, kenako n'kumamuimba mlandu munthu pa lonjezo lomwe sanalinene.

Ndiye yakoyi ndaimvera kanayi dzulo, cholembera chili m'manja monga kale. Tamvetsera maverebu ake. Ndidzamanga, ndidzakugulira, tidzakhala, udzaseka. Ndinawerenga ma -dza- mpaka 7 n'kusiya. Chichewa chathu sichibisa: munthu akati "ndibwera" umaika madzi pamoto, akati "ndidzabwera" umafunsa kuti liti. Ka -dza- kameneka kamakwana mawa, kamakwananso zaka 20. Alakatuli amakakonda chifukwa kamatsekemera ndipo sikamanga munthu.

Ndime yoyamba ndilibe nayo mlandu, ndi yokoma ndithu. Akukumbukira momwe ankagawirana chimanga chootcha pochokera kusukulu, iye n'kunamizira kuti wakhuta kuti mtsikanayo adye chambiri. Amene analemba mzere umenewo anakondapo ali wosauka, sizongomva. Vuto lili pa ndime yachiwiri, yomwe anthu pa Facebook akuitama kuti ndiye pali nzeru. Usamvere za anthu, asakupusitse amagalimoto, usasinthe nambala. Anyamata akulemba kuti iyi ndi nyimbo ya munthu wolimbikira, atsikana ena akuyankha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo winanso analemba ndime zisanu kutsimikizira kuti "amagalimoto" akuimira mayesero a Satana. Chabwino. Koma palibe amene ndamuona akufunsa kuti malamulo onsewa n'chifukwa chiyani akupita mbali imodzi. Mtsikana wapatsidwa zoletsa zitatu. Mnyamata sananene n'chimodzi chomwe chimene iye sakachita kumene akupitako. Ndipo mtsikanayo m'nyimbo yonse sakulankhula. Sitikudziwa ngati wavomera.

Apa ndiye pamene magazi anga amathamanga, chifukwa nyimbo imeneyi ndi yakale kuposa iwe ndi ine. Agogo anga aamuna anapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela, bungwe lija linkalemba anthu ntchito ya ku migodiko. Anthu ankapita pa kontrakiti, ena osabwerera mpaka Chichewa chinapeza dzina lawo, matchona. Mu 1974 ndege yonyamula anthu ochokera ku migodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Kamuzu anaimitsa ulendo wa Wenela. Nthawi imeneyo nyimbo za kudikira zinalipo, koma ankaimba ndi amayi, pamtondo, musi uli m'manja. Agogo aakazi ankatiimbira zina tikusinja, ndipo sizinali zotsekemera. Munali kunyoza, kudandaula za denga lothonya, kutchula apongozi. Woimba anali wodikirayo. Lero woimba ndi wopitayo, ndipo wodikira wasanduka chithunzi chokongola mu vidiyo, ataima pakhomo atavala chitenje, osatsegula pakamwa. Ine zimenezo sindizitcha chitukuko.

Mwinanso ndimakwiya chifukwa ndine wa ku Zomba, tauni yozolowera kutsanzikidwa. Likulu linatichokera mu 1975 kupita ku Lilongwe. Nyumba ya Malamulo inatsalira pang'ono ngati mwamuna wochita manyazi kusamuka, koma nayo mu 1994 inanyamuka. Ophunzira amabwera zaka zinayi, kulonjezana zakumwamba pansi pa mitengo ya ku Botanical Gardens, tsiku lolandira madigiri ku Great Hall likadutsa aliyense ulendo wake. Asilikali a ku Cobbe Barracks amasamutsidwa. Funsa amayi aliyense wochititsa lendi ku Matawale kapena ku Sadzi, akuuza za atsikana angati amene analira m'zipinda zawo.

Ndinene mosapsatira. Mwamuna wotumiza nyimbo pamalo pa mawu ake akubisala kumbuyo kwa woimba. Ngati zinthu zayenda, adzati ndinakuuza kale. Zikavuta, adzati inali nyimbo chabe, ndinangoikonda kaimbidwe. Mbali zonse wapulumuka, ndipo zamutengera kabandulo ka intaneti basi. Sindikunena kuti bwenzi lako ndi tambwali. Mwina ndi wamanyazi, mwina analira m'basi mpaka pa Zobue. Uja wa ku Chinamwali nayenso ndikhulupirira kuti pamwala paja ankanena zoona za tsiku limenelo. Koma akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo, ndipo nyimbo ya pa WhatsApp siinafike n'pachala pomwe.

Bambo a ana angawa, ndingonena modutsa, sadziwa kuimba ngakhale kutchalitchi. Anangobwera ndi amalume awo Loweruka lina m'mawa, atavala jekete yobwereka yothina m'mapewa.

Tsono uchite chiyani?

Yankho ndi lakuti ayi, sanakulonjeze ukwati, wakutumizira nyimbo. Muimbire foni, osati kulemba, umufunse mafunso awiri: akuganiza zobwera liti, ndipo amalume ake akudziwa dzina lako? Kwathu kuno lonjezo limadutsa kwa ankhoswe, ndipo ngakhale chikole chimaperekedwa anthu akuona. Akayankha ndi mwezi ndi dzina la munthu, dikira ngati mtima wako ukufuna. Akayamba "iwenso, sukundikhulupirira?", wamva kale. Digiriyo maliza, zivute zitani.

Tepi ija ndikadali nayo m'katoni ya mabuku akale, kungoti wailesi yoti n'kuiseweretsa m'nyumba muno mulibe. Undilembere zomwe ayankhe. Akayankha ndi nyimbo ina, unditumizire ndiwerenge ma -dza- ake.