Rekitifaya yatsopano sikukwana pamalo pake, ndiyimange pati?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a kabaza, akuti rekitifaya (kachipangizo kowongolera magetsi opita ku batire) ya njinga yawo yamoto inapsa, agula ina koma ndi yayikulupo ndiye mabowo a mabawuti sakugwirizana ndi bulaketi yakale. Akufunsa ngati angoyiika pansi pa mpando pafupi ndi batire, poti kumeneko mvula sifika.

Achimwene, nditangowerenga zoti pansi pa mpando ndinachita kugwira mutu, chifukwa nzeru imeneyo ndi yomwe inandiyendetsa wapansi usiku ine.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito ku Nchalo banja lili ku Blantyre, ndiye pafupifupi Lachisanu lililonse ndinkakwera mtunda pa kanjinga kanga ka injini ya 150cc. Rekitifaya itafa ndinagula ina, sinakwane ngati yanuyo, mekaniki wina wapansi pa mtengo anati musavutike bwana, anayikulunga mu jumbo, kumanga ndi mphira ya chubu, kuyikankhira pansi pa mpando. Ine ndinamuthokoza ndithu mpaka kumuonjezera ya fanta, ndimvekere munthu uyu ndi woganiza, wayiteteza ku madzi. Madzi ake ati? Unali Okutobala, kuchigwa kuja kotentha mpaka madigiri 40 kupitirira, mvula tinali titayiwala ndi maonekedwe ake omwe.

Inagwira masabata angapo. Tsiku lake ndinanyamuka mochedwa, kuwoloka Shire pa Kamuzu Bridge dzuwa likulowa, kudutsa pa Thabwa nkuyamba kukwera phiri lija. Amene munayendapo mukudziwa, giya 2, injini ikulira mokweza koma liwiro la kamba, mphepo palibe, kumbuyo ndamanga thumba la mpunga. Ndili mkati mwa makhotawo getsi lakutsogolo linawala modabwitsa, ndinasangalala kaye eti, kenako phwaa babu lapsa, lakumbuyo nalonso. Ndinakankha njinga mumdima malole akundidutsa mmbali. Mmawa mwake kutsegula mpando jumbo ija itasungunuka kumatirira pa rekitifaya, batire litatupa likununkha ngati mazira owola.

Chomwe sindinkadziwa ndi ichi. Koyilo ya mu injini imapanga magetsi a AC (osinthasintha mbali), ndipo mukamakoka moto magetsiwo amachulukanso, ilibe nzeru zodziletsa. Rekitifaya ndi imene imawasandutsa DC, mtundu umene batire limalandira, nkuwagwira kuti batire lizilandira mavoti 14 kapena kuposerapo pang'ono basi. Zambiri za pa njinga zathuzi magetsi otsalawo zimangowatayira ku ethi (mbali ya negetivu, yolumikizidwa ku felemu), ndipo pogwira ntchito imeneyi zimatentha kwambiri. Tizipsepse tachitsulo mukutiona kunja kwaketo sitokongoletsa ayi, nto tayira kutenthako mumphepo. Ndiye ine ndinatenga chinthu chofuna mphepo nkuchiveka jumbo, pa phiri, mu Okutobala.

Apa ndiye ndinene mosapsatira, aliyense amene amamanga rekitifaya ndi mphira kapena timalamba tapulasitiki asagwirenso njinga ya munthu. Kale ndinkati mwina zimatengera, pano ayi. Chinthucho chinamatidwa kale mkati, madontho a mvula sachiopsa kwenikweni, chimene chimapha ndi kutentha ndi ethi yosagwira. Tikuopa mdani wolakwika.

Ndipo mwa njira, a kabaza ambiri mwachotsa mababu akale nkuyika a LED poganiza kuti mukuyipumitsa rekitifaya. Pa rekitifaya zotaya magetsi zija nzosiyana, LED imadya pang'ono ndiye otsala oti atayidwe amachuluka. Sindikuti LED njoyipa, inenso ndili nayo, koma musadabwe mukagwira rekitifayayo ikuwotcha.  Pulagi ya rekitifaya nayo muyiyang'ane, mukaona pulasitiki yake yachita bulauni kapena yasungunuka ndiye kuti timapini tamasuka kapena tachita dzimbiri, mukalumikiza yatsopano pomwepo mwangotaya ndalama. Komanso yayikulupo yanuyo mwaonetsetsa kuti mapini ake ndi ofanana ndi yakale? Zilipo za mapini 4 ndi za 5, ndipo mitundu ya mawaya imasiyana, pa njinga zotengera kalembedwe ka Honda wobiriwira ndi ethi wofiira ndi wa ku batire, koma si njinga zonse.

Tsono muyimange pati

Pamalo pomwe panali yakale, ngati nkotheka. Pitani kwa owotcherera akudulireni kachitsulo kafulati, mbali ina kagwire pa mabowo akale mbali ina pa rekitifaya yatsopano, ntchito ya mphindi zochepa. Mukamawotcherera pa felemu penipeni chotsani kaye batire ndi mapulagi a rekitifaya ndi CDI (kabokosi koyendetsa moto wa sipaki pulagi). Pakakanika, pezani malo pa felemu kutsogolo mmunsi mwa thanki pomwe mphepo imawomba mukamayenda, kutali ndi ekizozi komanso osati kuseri kwa injini kumene kumapita mpweya wotentha. Tizipsepse tiloze kumene mphepo ikuchokera kuti izidutsa pakati pake, pulagi iyang'ane pansi madzi asamadikhemo, ndipo pasakhale pomwe tayala limaponyera matope chifukwa matope akauma pamenepo ndi jumbo inanso. Palani penti ndi sandipepa pomwe bawuti ikugwira, mawaya akhale aafupi, mukawonjezera akhale onenepa ngati akale. Pindani chiwongolero uku ndi uku muone kuti sichikukhudza kapena kukoka waya.

Mukatha bwerekani mita yoyezera magetsi muyeze pa batire. Njinga yozima iwonetse mavoti cha mma 12.6, mukaliza nkukoka moto ifike pakati pa 13.5 ndi 14.5. Ikadutsa 15 zimitsani pompo.

Yanga pano ili kumanzere mmunsi mwa thanki pa kachitsulo komwe tinadula ku bedi lakale la ana. Mpunga uja ndinausiya kwa agogo ena a mmbali mwa msewu usiku umenewo, nditabwerera Lamlungu anali atausunga bwinobwino, ndinawapungulirako theka.