Za kuchotsa 2.5 n'kuika 3.0 pa Hilux

Achimwene, mwafunsa zochotsa injini ya malita 2.5 (2KD) n'kuika ya malita 3.0 (1KD) pa Hilux yanuyo. Ine ndinadutsamo, ndipo mtima umandiwawabe. Kusintha kulipo, ndisakunamizeni. Pa 2KD ndinkati ndikaponda, galimoto imayamba yazengereza kaye, turbo, yomwe imakankhira mpweya wochuluka mu injini, n'kudzuka mochedwa. 1KD ndi 2,982cc pomwe inayo ndi 2,494cc, ndiye utsi wozunguza turbo umachuluka injini isanayambe n'kukuwa komwe. Chitunda chochokera ku Nkhata Bay kubwera Mzuzu, malo omwe ndinkalira nawo pa giya 2 ndinayamba kudutsa pa 3 mosavuta.

Koma makaniko amene anagwira ntchitoyo anandilakwira zedi. Ndinamupatsa ndalama ya klatchi yatsopano, iye n'kubwezeramo yakale yomwe ija, osandiuza. Sabata yachitatu ndikuchokera ku Karonga ndi matumba 12 a mpunga. Pa Chiweta, cha m'ma 7 usiku, pakona ina yokhota kwambiri, ndinangomva injini ikukuwa koma galimoto osapita. Fungo la chinthu chopserera linadzaza mkati monse. Kenako inayamba kubwerera chambuyo, kumbuyo kuli thanki ya mafuta ikuimba hutala, mbali inayo phompho. Ndinakoka handibuleki ndi manja awiri, mwendo uli njenjenje pabuleki, mlamu wanga n'kudumpha wopanda nsapato kukafufuza miyala mumdima yoika kumatayala. Tinagona pompo. M'mawa ndikumuimbira makaniko uja, akuti "bwana mumaponda kwambiri". Kuponda kwambiri? 1KD imakoka ndi mphamvu yofika 343Nm, iyeyo ankadziwa bwino lomwe kuti klatchi yothaitha ija siingapirire. Mpaka lero ndalama yanga sanabweze, tikakumana m'tauni amayang'ana kumbali.

Ndiye ine ndingati isiyeni galimotoyo mmene inabwerera, 2KD siivuta ndipo dizilo imamwa pang'ono. Koma ngati mumanyamula katundu m'mitunda yathu ino, ikani basi, ineyo ku 2.5 sindingabwererenso. Injiniyo mugule pamodzi ndi kompyuta yake, mawaya ake ndi intercooler, chija chimaziziritsa mpweya wochokera ku turbo. Klatchi mukagule nokha, ndipo tsiku lomanga mukaime pomwepo mpaka amalize. Nthawi ya mvula muzisamala, kumbuyo kukakhala kopanda katundu imataya matayala msanga mukaponda pakona. Nambala ya injini mukasinthitsenso ku Road Traffic.