Kodi Kupinda Mapepala pa Sande Sukulu N'kulowetsa Chikunja M'tchalitchi?

Mayi wina amene amaphunzitsa ana a Sande Sukulu anditumizira imelo yokhala ndi nkhawa. Iwo anaona pa intaneti anthu akupinda mapepala kukhala nkhunda, nsomba ndi mitanda, luso limene limatchedwa origami, ndipo anafuna kuti aziphunzitsa nalo ana, koma mkulu wa mpingo wina wawachenjeza kuti luso limeneli linachokera m'chipembedzo cha ku Japan, choncho siliyenera kufika pamaso pa ana a Akhristu. Akufunsa ngati zimenezi n'zoona, ndiponso kuti ngati palibe cholakwika ayambire pati.

Mayi, mkulu wa mpingoyo sanangolankhula za m'mutu mwake. Ku Japan pepala lopindidwa lili ndi malo ake m'chipembedzo cha makolo awo chotchedwa Shinto, pakuti pa akachisi awo amapachika timapepala toyera topindidwa mokhotakhota pa zingwe posonyeza kuti malowo ndi opatulika. Kumenekonso kuli chikhulupiriro chakuti munthu amene wapinda mbalame 1,000 za mtundu umene iwo amautcha tsuru amalandira chimene mtima wake ukukhumba. Chikhulupirirochi chinamveka dziko lonse chifukwa cha mtsikana wa ku Hiroshima, Sadako Sasaki, amene anali ndi zaka ziwiri pamene bomba la nyukiliya linaphulitsidwa mumzindawo mu 1945, nadwala khansa ya m'magazi, ndipo ankapinda mbalamezi ali m'chipatala mpaka pamene anamwalira mu 1955 ali ndi zaka 12.

Komatu nkhani ya kupinda mapepala siithera ku Japan. Ku Germany ndi maiko oyandikana nawo, m'zaka za m'ma 1700, amene ankaimira mwana pa ubatizo ankamupatsa kalata ya madalitso yopindidwa mwaluso, ngodya zonse zinayi zikukumana pakati. Friedrich Fröbel, mwana wa mbusa wa mpingo wa Lutheran, yemwe mu 1840 anatcha sukulu yake ya ana aang'ono Kindergarten, anaika kupinda mapepala pakati pa maphunziro a anawo, ndipo nyenyezi yoluka ndi timizere tinayi ta pepala imene Ajeremani amakongoletsera nyumba pa Khirisimasi imadziwika ndi dzina lake mpaka lero. Pamene Japan inatsegula sukulu ya mkaka yoyamba ya boma ku Tokyo mu 1876, inatengera njira za Fröbel yemweyo, kotero kuti zina mwa zimene timazitcha za Chijapani zinachita kupita kumeneko kuchokera ku Ulaya. Nawo a mpingo wa Moravian ali ndi nyenyezi yawo yapepala ya nsonga 26 imene amapachika m'nyengo yoyembekezera Khirisimasi. Ngakhale kwathu kuno, pa Lamulungu la Kanjedza Akhristu ambiri amapinda tsamba la kanjedza kukhala mtanda, ndipo palibe amene amaona zachilendo.

Maganizo anga ndi akuti pepala lilibe chipembedzo. Nkhani yagona pa zimene mphunzitsi akuuza ana kuti chinthucho chiwachitira. Pa Numeri 21 Mose anapanga njoka yamkuwa molamulidwa ndi Mulungu mwini, koma pa 2 Mafumu 18:4 Hezekiya anaiphwanya chifukwa Aisraeli anali atayamba kuifukizira lubani. Choncho ngati mwana auzidwa kuti mtanda wapepala akauika kumutu kwa mphasa yake umuteteza kwa afiti, kapena kuti akapinda nkhunda zambiri pemphero lake liyankhidwa msanga, pamenepo ndingagwirizane ndi mkulu wa mpingoyo, chifukwa chinthucho chasanduka chithumwa. Koma ngati chikungothandiza mwana kukumbukira nkhani ya m'Baibulo ndi kuifotokozera makolo ake akafika kunyumba, chili m'gulu limodzi ndi chithunzi chojambulidwa ndi choko pa bolodi. Ndikupemphani kuti musakangane nawo bambowo. Aitaneni adzakhale nawo pa phunziro limodzi kuti adzionere okha.

Pa za poyambira, musayambe ndi nkhunda ngakhale kuti ndiyo yakukopani. Yambani ndi ngalawa, chifukwa ana ambiri amaidziwa kale kuchokera ku mapepala ong'ambidwa m'makope, ndipo imayenda bwino ndi Marko 4:35-41 pamene Yesu anatontholetsa namondwe. Ikani beseni la madzi pakati, anawo ayandamitse ngalawa zawo ndi kuziuzira mpweya inu mukuwerenga ndimeyo pang'onopang'ono.

Kenako mubwere ndi mtanda wotuluka podula kamodzi kokha, umene umadabwitsa ngakhale akuluakulu. Tengani pepala la A4 muligoneke patebulo mbali yake yaifupi imodzi ili pamwamba, inayo ili pafupi ndi inu. Gwirani ngodya ya pamwamba kumanzere muipinde mpaka m'mphepete mwa pamwamba mutagona ndendende pa m'mphepete mwa kumanja. Nsonga imene yatsala pamwamba kumanja muitsitsire kumanzere, ndipo pepala lioneka ngati nyumba yokhala ndi denga. Pindani nyumbayo pakati kuchokera pa nsonga ya denga kutsika pansi, kenako ndi sizasi dulani mzere umodzi wowongoka kuchokera pansi kukafika padenga, motsatana ndi mpindo wapakatiwo, mutasiya mpata wa zala ziwiri. Mukafunyulula chidutswa chimene chili ndi mpindowo mupeza mtanda wokhala ndi mwendo wapansi wautali. Akatswiri ena a origami amakana kugwiritsa ntchito sizasi, koma zimenezo ndi zawo, sizikukhudza ana anu. Chofunika n'chakuti mpindo uliwonse ukandidwe ndi chikhadabo kuti ukhale wakuthwa, popeza pepala lopindidwa mwaulesi limatulutsa mtanda wa mikono yosiyana, mwana n'kuyamba kulira.

Nkhunda ya pa Mateyu 3:16 ndi nsomba zimafuna pepala la mbali zinayi zofanana. Pa A4 mumalipeza popinda ngodya monga mwachitira poyamba paja ndi kudula kachidutswa kotsala pansi, ndipo mumatsala ndi pepala la masentimita 21 mbali zonse. Zimenezi muzisungire ana a zaka zisanu ndi zitatu kupita m'tsogolo, ndipo muyambe mwaziphunzira nokha kunyumba mpaka manja azolowere, chifukwa n'zovuta kuyang'ana malangizo pa foni kwinaku ana makumi atatu akukuitanani. Mapepala okwera mtengo sakufunika: nyuzipepala zakale, makalendala otha ntchito ndi mapepala a muofesi olembedwa mbali imodzi ndi okwanira. Chokhacho, musalole ana kupinda masamba othothoka m'Baibulo kapena m'buku la nyimbo, pakuti pamenepo mkulu wa mpingo uja adzakhala ndi mlandu weniweni wokufunsani.