Mmene laibulale ya Carnegie ku Dunfermline inayambira

Mwafunsa ngati n'zoona kuti laibulale ya ku Dunfermline, m'dziko la Scotland, inamangidwa ndi ndalama za munthu mmodzi, komanso kuti ankailipirira ndani itamangidwa. N'zoona ndithu. Andrew Carnegie, mwana wa woomba nsalu amene anabadwira m'tauniyo mu 1835 n'kukalemera ku America ndi malonda a zitsulo, anapereka mapaundi 8,000. Mayi ake, a Margaret, ndiwo anaika mwala wa maziko mu 1881, ndipo laibulaleyo inatsegulidwa mu 1883.

Mtima wopereka umenewu Carnegie anautenga ali mnyamata m'tauni ya Allegheny ku America, kumene James Anderson ankabwereketsa mabuku ake kwa anyamata ogwira ntchito Loweruka lililonse, ndipo Carnegie anali mmodzi wa iwo.

Mbali yachiwiri ya funso lanu ndi imene ine ndimaiona kuti ndi yofunika kwambiri. Carnegie ankapereka nyumba, koma ndalama zogulira mabuku ndi kulipira antchito zinkayenera kuchokera ku msonkho wa anthu a m'tauni. M'kupita kwa nthawi zimenezi zinasanduka lamulo lake: khonsolo yofuna thandizo inkayenera kupereka malo omangapo, kulola aliyense kuwerenga kwaulere, ndiponso kulonjeza kuti chaka chilichonse izipereka ndalama zokwana 10 peresenti ya mtengo womangira. Matauni ena anakana mphatsoyo poopa msonkho, ndipo ena chifukwa chodana ndi mmene ankachitira ndi antchito ake. Pofika 1929, malaibulale 2,509 anali atamangidwa ndi ndalama zake.